Mchere wa ku Sinan: madzi a m'nyanja, dzuwa ndi zaka zitatu m'nkhokwe

Mayi wina watilembera kuti anaona mchere wa ku Korea wolembedwa kuti unasungidwa zaka zitatu, ndipo akufunsa ngati sikungokometsa malonda. Mayi, ayi, zakazo zili ndi ntchito yake.

Kale anthu a m'mbali mwa nyanja ku Korea ankaphika mchere, womwe amautcha jayeom. Ankagaula matope a m'gombe ndi ng'ombe, akauma n'kutchezamo madzi a m'nyanja monga amayi amatchezera chidulo, kenako n'kuwiritsa madziwo m'mapoto akuluakulu. Nkhuni zinkatha zambiri. Njira youmitsa padzuwa inayamba mu 1907 ku Juan, mumzinda wa Incheon, ndipo inafika pachilumba cha Bigeumdo m'boma la Sinan, kummwera chakumadzulo kwa Korea, mu 1946. Mu 1953 pachilumba cha Jeungdo, m'boma lomwelo, anakhazikitsa munda wa mchere wa Taepyeong kuti anthu othawa nkhondo ya ku Korea apezepo chochita.

Ntchitoyi imagwiridwa kuyambira cha m'ma Epulo mpaka Okutobala. Madzi a m'nyanja, omwe mchere wake ndi pafupifupi magawo 3 pa 100, amawatsekera m'dziwe lalikulu kuti matope akhazikike. Kuchoka apo amawasamutsa m'maiwe osaya, lina ndi lina, dzuwa ndi mphepo zikuwauma. Akafika pa magawo 25 pa 100, mchere umayamba kuundana m'dziwe lomaliza, ndipo madzulo amaukokolola ndi matabwa. Mvula ikangoopseza, amathamangitsira madzi okhwimawo m'zitsime zofolera zotchedwa haeju, apo ayi ntchito ya masabata imasungunuka. Akachedwanso kukolola n'kulola madzi kukhwima kwambiri, magnesium (mchere wina wowawa wa m'madzi a m'nyanja) amalowerera, mchere n'kuwawa.

Magnesium yemweyo ndiye chifukwa cha zaka zija. Mchere watsopano umakhala wonyowa ndi madzi owawa otchedwa gansu. Matumba amawasanjika pamatabwa kuti madziwo azidontha pang'onopang'ono. Wouma bwino sumamatira m'manja mukaufinya, ndipo ndi umene okonza kimchi (chakudya cha ku Korea cha kabichi wosasitsa) amaufunafuna, chifukwa wowawa umawononga kabichi.

Mu 1997 boma la South Korea linalola mchere wakunja kulowa momasuka, minda yambiri n'kutsekedwa. Mu 2008 lamulo linazindikira mchere wa padzuwa ngati chakudya, osatinso ngati chokumbidwa m'migodi. Koma mbiriyi ili ndi bala lomwe sitiyenera kulibisa: mu 2014 zinaululika kuti pachilumba cha Sinuido, ku Sinan komweko, anthu ena, kuphatikizapo olumala, ankawagwiritsa ntchito m'minda ya mchere mokakamiza komanso osawalipira.