Yankho kwa alamu: thandizo limafika bwanji kwa anthu a ku South Sudan?

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso mwaponya pagulu lija, loti pa wailesi amalengeza ndalama zothandizira anthu ku South Sudan koma anthuwo n'kumagonabe ndi njala, ndiye amene amayendetsa zimenezi ndani, nanga zimakanika pati. Kulemba kunditalikira, ndingolankhula, mumvere mukapeza mpata.

Poyamba dziwani kuti kulibe bwana mmodzi woti akalamula onse n'kuimirira. Mabungwe ndi ambirimbiri, lililonse ndi ndalama zake komanso amene analipatsa ndalamazo. Pamwamba pali mkulu wa United Nations amene amamutcha Humanitarian Coordinator, ndiye kuti woyendetsa ntchito yonse ya thandizo, ndipo ofesi yomugwirira ntchito ndi OCHA, ku Juba, likulu la dzikolo. Koma OCHA ilibe ndi thumba limodzi lomwe la mapira. Yake ndi kuitanitsa misonkhano, kuwerengera, ndi kukambirana ndi eni mfuti. Ntchito inagawidwa m'makilasitala, kapena kuti magulu a mabungwe ogwira ntchito ya mtundu umodzi, dongosolo limene linayamba mu 2005, lomwe lija mumaona a DoDMA akutsata kwathu kuno madzi akasefukira. Chakudya amatsogolera ndi WFP ndi FAO, zaumoyo WHO, madzi ndi zimbudzi komanso ana onyentchera UNICEF, mayendedwe a katundu ndi ndege WFP. Kumbali ya boma kuli nthambi yoona za thandizo yotchedwa Relief and Rehabilitation Commission. Akakhala anthu owoloka malire, monga aja akuthawa nkhondo ya ku Sudan imene inayamba pa 15 Epulo 2023 n'kumalowera ku Renk, tauni ya kufupi ndi malire a Sudan, pamenepo UNHCR ndi IOM, mabungwe oona za othawa kwawo ndi osamuka, ndi amene amakhala patsogolo.

Chida chachikulu cha woyendetsa ntchitoyi ndi pepala wamba la mafunso 5: ndani, akuchita chiyani, kuti, liti, kwa ndani. Bungwe lililonse liyenera kudzaza. Likapanda kudzazidwa moona, mumapeza mabungwe atatu akugawa mabulangete pamudzi umodzi wapafupi ndi bwalo la ndege, pamene mudzi wa kutsidya kwa dambo sunaonepo munthu miyezi inayi. Ena amalembapo zimene akufuna kudzachita ngati kuti achita kale, ndiye anzawo n'kuganiza kuti malowo ali ndi mwini. Bodza laling'ono limenelo limapha anthu.

Tsopano tiyerekeze kuti anthu 10,000 athawira pamalo amodzi. Musanatumize kanthu mumatumiza kagulu kokaona, ndipo nambala imene mfumu kapena mkulu wa asilikali wakupatsani simuitenga momwemo, chifukwa aliyense amadziwa kuti nambala ikakula matumba amachuluka. Mumawerenga misasa, n'kuwerenga anthu ogona m'misasa ingapo, n'kuchulukitsa. Kalembera weniweni, wa chidindo cha chala, amabwera pambuyo zinthu zikakhazikika.

Madzi ndiye oyamba, chakudya pambuyo. Muyezo wa Sphere, buku la miyezo limene mabungwe othandiza amatsata, ndi malita 15 pa munthu patsiku, akumwa, ophikira ndi osamba. Anthu 10,000 ndiye malita 150,000 tsiku lililonse. Galimoto ya thanki ya malita 10,000 iyenera kuyenda maulendo 15, ndiye mukuona kuti zimenezo n'zongoyambira, msanga pafunika mijigo kapena makina oyeretsa madzi a mumtsinje. Mpopi umodzi anthu 250, mjigo umodzi anthu 500, ndipo mtunda usapitirire mamita 500. Klorini amayezedwa pampopi, atsale pakati pa mamiligalamu 0.2 ndi 0.5 pa lita. Madzi a Nile akakhala amatope klorini sagwira bwino, muyenera kuyamba mwawadikhitsa. Komanso madzi abwino amaipira m'chigubu chakuda kunyumba, n'chifukwa chake zigubu ndi sopo zimayenda limodzi ndi madzi. Zimbudzi, masiku oyamba chimodzi anthu 50, kenako mutsike kufika pa 20, kutanthauza zimbudzi 500. Chimbudzi chikhale mamita 30 kuchokera pachitsime, ndipo pansi pa dzenje patalikirane ndi madzi a pansi ndi mita imodzi ndi theka. Ku Bentiu, kumene msasa wa anthu oposa 100,000 unazunguliridwa ndi madzi osefukira n'kumatetezedwa ndi migula ya dothi, mukakumba pang'ono madzi atuluka, ndiye zimbudzi zimayenera kumangidwa mokwezeka ndi kumapopedwa. Mukachedwa pamenepa, kolera sachedwa. Ku Renk analengezedwa mu Okutobala 2024.

Katemera wa chikuku naye sadikira, ana onse kuyambira miyezi 6 mpaka zaka 15. Ana osakwana zaka 5 amayezedwa mkono ndi kalamba kaja ka mitundu itatu. Pansi pa mamilimita 115 ndi pofiira, mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo amayamba chiponde. Paketi imodzi ndi magalamu 92, makalori 500, ndipo katoni ya mapaketi 150 ndi imene imawerengedwa pa mwana mmodzi mpaka achire. Koma mukapereka chiponde banja lilibe chakudya, mayi amagawira ana onse, ndipo simungamudzudzule. Choncho a chakudya ndi a zonyentchera afike pamalopo sabata imodzi, osati wina lero wina mwezi wamawa. Kugwirizanitsa ntchito kumene mukufunsa n'kumeneku.

Chakudyacho muyezo wake ndi makalori 2,100 pa munthu patsiku. Tinene magalamu 500 a mapira, 50 a nyemba, 30 a mafuta, 5 a mchere. Pamodzi ndi magalamu 585. Kwa anthu 10,000 masiku 30 ndi matani 175 ndi theka, malole 6 a matani 30, mwezi uliwonse. Apa pali timisampha. Mapira osagaya amafuna chigayo, ndiye popanda chigayo pafupi banja limagulitsa gawo lina kuti lilipire kogayitsa. Nyemba zolimba zimadya nkhuni, ndipo kotola nkhuni n'kumene amayi amagwiriridwa, ndiye ndi bwino kusankha zakupsa msanga.

Koma alamu, pamene pagona nkhani yonse ndi msewu. Katundu wambiri amatsikira pa doko la Mombasa, kudutsa Uganda, kulowa pa Nimule mpaka Juba. Mpaka apo pali phula. Kupitirira apo, mbali yaikulu ndi dothi lakuda ngati makande a ku Chikwawa. Mvula ikayamba cha mu Meyi mpaka cha mu Okutobala kapena Novembala, misewu yoposa theka imafa, lole imamira mpaka ekiselo n'kukhala pomwepo milungu. Ndiye chakudya chodzadya mu Ogasiti chiyenera kukhala chitafika kale m'nkhokwe zakumidzi pakati pa Januwale ndi Epulo. Kugula, kukweza pa sitima ndi kuwolotsa malire kumatenga miyezi, choncho ndalama zake zimafunika chaka chisanathe. Ndalama zimene mwamva pa wailesi mu Juni, panjira ya lole zachedwa kale. Komanso zambiri zolengezedwazo ndi lonjezo chabe, sizinalowe mu akaunti.

Msewu ukatsekeka zotsala ndi ziwiri. Mabaji, aja mabwato akuluakulu onyamula katundu, a pa mtsinje wa White Nile, ochokera ku Bor kupita ku Malakal, amanyamula zambiri koma ndi ochedwa, ndipo m'mphepete mwa mtsinje gulu lililonse la mfuti lili ndi poimitsira pake pofuna ndalama. Ina ndi ndege, zija za Ilyushin zonyamula matani pafupifupi 30, zimene zimaponya matumba osokedwa mophatikiza kuti asaphulike. Pansi pafunika gulu lokonza bwalo, kuchotsa anthu ndi ng'ombe, kulankhula ndi woyendetsa ndege pa wailesi, ndi anthu otola. Mtengo wake umawirikiza kangapo poyerekeza ndi lole, ndiye ndalama zomwezo zimadyetsa anthu ochepa. Mukaona ndege ikuponya chakudya pa TV, kawirikawiri ndiye kuti penapake zinachedwa kapena njira inatsekedwa ndi nkhondo.

Kusunga chakudya msanga nakonso kuli ndi ngozi yake, chifukwa nkhokwe yodzaza imaitana mfuti. Mu Julayi 2016 kumenyana kutabuka ku Juba, nkhokwe yaikulu ya WFP inathyoledwa ndipo matani oposa 4,500 anapita. Ndiye woyendetsa ntchito amayeza: kuunjika pamalo amodzi n'kotchipa, kumwaza m'nkhokwe zing'onozing'ono n'kodula koma simutaya zonse tsiku limodzi.

Za eni mfuti. Mumalankhula ndi mbali zonse, boma ndi otsutsa, ndipo mbali iliyonse imadziwa kuti mukulankhulanso ndi inzake. Malole asananyamuke mumapereka tsiku, njira, nambala za magalimoto ndi malo a GPS. Chilolezo cha ku Juba sichikwanira, mnyamata wa pa rodibuloko amamvera mkulu wake wapafupi, ndiye ameneyo afikiridwe payekha. Kulipira pa rodibuloko mabungwe ayenera kukana onse pamodzi, chifukwa limodzi likalipira mtengo wakhazikika kwa onse. Kuperekezedwa ndi asilikali ndi njira yomaliza, poti mukangoyenda ndi mbali imodzi, inayo imakuonani ngati adani. Ine ndimaona kuti apa m'pamene mabungwe a eni dziko amaposa akunja, amadziwa woti alankhule naye, koma ndi iwonso amene amaphedwa kwambiri pantchitoyi, ndipo ndalama zimawafika zochepa.

Tsiku logawa, muyambe m'mamawa n'kumaliza dzuwa likadali pamwamba kuti anthu afike kwawo kusanade. Polowera pamodzi, potulukira pena, mizere ya zingwe, mabanja m'magulu malinga ndi kukula kwake, mthunzi ndi madzi akumwa, okalamba ndi oyembekezera patsogolo. Khadi likhale m'dzina la mayi ngati n'kotheka. Tsikulo musalilengeze kutali kwambiri, chifukwa gulu la anthu ndi matumba limakopa olanda, penanso ogwira anyamata kuti akalowe usilikali. Pakhale tebulo la madandaulo losayendetsedwa ndi amene akugawa, ndipo anthu auzidwe mobwereza kuti thandizo ndi laulere, aliyense wopempha ndalama kapena thupi anenedwe. Pakatha masabata awiri mubwerere kukafunsa m'makomo kuti analandira zingati ndipo zinatsala m'manja mwawo ndi zingati.

Nambala imene amayang'ana tsiku ndi tsiku ndi ya imfa. Ikapitirira munthu mmodzi pa anthu 10,000 patsiku, zinthu zafika poipa. Kuti alengeze njala yadzaoneni, monga ija anailengeza ku Leer ndi Mayendit mu Febuluwale 2017, pamafunika zitatu: mabanja 20 pa 100 alibiretu chakudya, ana 30 pa 100 anyentchera, ndipo anthu awiri pa 10,000 akufa patsiku. Vuto n'lakuti ambiri opereka ndalama amadikira mawu amenewo, pamene pofika apo manda achuluka kale. Ndipo ndalama zikaperewera, pamsonkhano pamakhala zosankha ziwiri zokha: kudula muyezo kufika theka kwa onse, magalamu 250 a mapira m'malo mwa 500, kapena kuchotsa maboma ena pamndandanda kuti otsalawo adye mokwanira. Ku South Sudan zonse ziwiri zachitikapo.

Ndalankhula nthawi yaitali. Mupereke moni kwa achemwali ndi ana.