Sitolo, sikelo ndi mtedza wonyowa: yankho kwa mphwanga wofuna geni ya pa Mchinji ndi Chipata

Mphwanga, wafunsa zinthu ziwiri pakamodzi. Ukufuna kudziwa mmene geni yodutsa malire pakati pa Mchinji ndi Chipata imayendera, komanso ngati n'zoona zimene amakuuza amayi ako, zoti nthawi ya atsamunda agogo ako ankagulitsa m'sitolo mbali zonse ziwiri opanda pasipoti. Ndiyamba ndi chachiwiricho, poti anyamata a lero mumayesa geni inabwera ndi WhatsApp.

Nthawi imeneyo Mchinji inali Fort Manning, Chipata inali Fort Jameson. Kuyambira 1953 mpaka 1963, m'zaka za chitaganya, katundu sankalipira kasitomu pakati pa Nyasaland ndi Northern Rhodesia, ndipo ndalama inali imodzi. Kobiri loboola pakati lija ukalandira kwa Mlonyeni, unkaguliranso machesi kwa Mpezeni. Makobiri 12 inali sheleni, masheleni 20 inali paundi, tiki inali makobiri atatu, sikisi makobiri 6. Anyamata oyenda ndi mipukutu ya ndalama m'manja aja, amene adzakuthamangire ukangotsika galimoto, kunalibe ntchito yawo. Chitaganya anthu anadana nacho ndipo anali ndi zifukwa, koma pa nkhani ya ndalama imodziyi wamalonda sankadandaula.

Usaganize kuti zinali zofewa. Pamwamba panali makampani a azungu, Mandala ya African Lakes Corporation ndi Kandodo ya London and Blantyre Supply Company. Pansi pawo Amwenye, amene anali ndi sitolo zazikulu ku boma ndi zina zing'onozing'ono m'midzi. Munthu wakuda ankakhala kalaliki m'sitolo ya mwini wake, kapena ankatenga laisensi ku boma n'kutsegula kantini yake, n'kumaoda katundu kwa Mmwenye yemweyo amene akupikisana naye. Phindu lake linali lopyapyala ngati tsamba la anyezi. Kalaliki ankawerengedwa katundu mwezi ndi mwezi, ndipo chimene chaperewera ankachidula pa malipiro ake, kaya chadyedwa ndi makoswe, kaya watenga mlamu wake pa ngongole. M'sitolo zina za azungu kutsidyako munthu wakuda sankalowa n'komwe, ankagulira pa kawindo, mpaka anthu anayamba kuzinyanyala m'zaka za m'ma 1950.

Katundu weniweni wa sitolo ya kumudzi anali nsalu. Biriwita, kaliko, khaki, zilundu. Yadi ndi mainchesi 36, ndipo inkalembedwa pa kauntala ndi misomali iwiri. Wakuba ankakoka nsalu poyeza, mayi akakaichapa kunyumba n'kupeza yafupika. Mayi wochenjera ankayeza yekha kuchokera pamphuno mpaka kumapeto kwa dzanja asanapereke ndalama. Pakhonde pankakhala telala ndi makina ake a Singer, ndipo sitolo yopanda telala inkagulitsa nsalu mwaulesi, chifukwa munthu wochokera kutali amafuna abwerere atanyamula kabudula wosoka kale. Kenako mchere wa pa kapu, sopo wa mtanda wodula ndi ulusi, makasu, mikanda, singano, machesi, mabulangete, ndi zipangizo za njinga za Raleigh ndi Humber. Palafini ankabwera m'zitini za magaloni anayi, ziwiri m'bokosi la matabwa. Chitini chikatha sichinkatayidwa: ankachidula pamwamba n'kukhala muyezo wa chimanga, mtedza ndi nyemba. Ogula ena ankachimenya m'mbali kuti chifutukuke, ogulitsa n'kumachiphwanya pansi kuti chilowe m'kati. Ndowa za mavenda zotenthetsa pamoto zimene ukuziona lero ndi zidzukulu za chitini chimenecho. Basela wa kamchere kapena singano ankaperekedwa pomaliza, ndipo anzathu a ku Chipata mpaka pano amati mbasela.

Chimene uyenera kumvetsa n'chakuti ndalama kumudzi inkabwera kamodzi pa chaka, ndipo mpaka lero zili choncho. Fodya wa chikopa wa alimi a m'midzi ankayang'aniridwa ndi Native Tobacco Board kuyambira 1926. Mlimi ankalembetsa, ankagulitsa pa msika wokhazikitsidwa, pa nyengo yake, ndipo giredi ankanena ndi wogula. Pambuyo pake kunabwera Farmers Marketing Board mu 1962, imene inasanduka ADMARC mu 1971. Chimanga chinkayezedwa m'ziguduli za mapaundi 200, osati timatumba ta makilo 50 timene mumalira nato masiku ano. Choncho wasitolo ankadzaza mashelefu mu Epulo, n'kugulitsa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, anthu asanamalize ndalama ndi msonkho. Akachedwa kuoda ndi mwezi umodzi, nsalu inkagona mpaka chaka chamawa, njenjete zili pomwepo. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale sitolo inkapuma ndi mchere, machesi ndi palafini basi, kupatula pamene wabwera ndi sutikesi yake munthu amene anakagwira ntchito kunja kudzera ku Wenela kapena ku Mthandizi.

Zosangalatsa nazo zinali malonda, ngakhale ovinawo sankadziwa. Mganda unkavinidwa anthu akakolola, ndipo gulu lililonse linkafuna makabudula oyera, malaya oyera ndi masokosi aatali ofanana. Wasitolo wakumva kuti midzi iwiri ipikisana mu Julayi ankaoda nsalu yoyera mipukutu iwiri mu Meyi. Amayi a chimtali ankafuna nsalu za mtundu umodzi, ndipo ukawabweretsera yosiyana maluwa pang'ono ankakusiyira yonse. Pansi pa mtengo wa pa sitolo pankakhala bawo, ndipo wosewera bawo tsiku lonse salephera kugula ndudu. Kuyambira 1949 kunabwera kawayilesi kotchipa ka Saucepan Special, kooneka ngati poto, kogwira siteshoni ya ku Lusaka imene inkaulutsa m'Chinyanja. Tiirumu yokhala ndi wayilesi kapena galamafoni inkatha masikono isanakwane 10 koloko. Azungu anali ndi kalabu yawo ndi gofu yawo ku Fort Jameson, kumene wakuda ankalowako ngati wonyamula zibonga.

Ufulu utabwera mu 1964 malire anauma. Zambia inayamba kwacha yake mu 1968, ife yathu mu 1971. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linachotsa Amwenye m'midzi kuti azichita malonda m'mizinda yokha, anthu n'kumaoda ku Chipiku. M'tauni ya Chipata sanachotsedwe, n'chifukwa chake mpaka lero ukapita ku Down Shops ku Chipata upeza sitolo za mabanja amene anayamba kalekale.

Tsopano za lero. Kuchokera mu Disembala 2022 pa Mwami ndi Mchinji ndi chipata chimodzi, mapepala onse umamalizira malo amodzi. Wamalonda ang'onoang'ono ali ndi njira yapafupi ya COMESA, bungwe la maiko la zamalonda, yotchedwa STR: katundu wosapitirira mtengo umene malamulo anaika, wopangidwa kapena wolimidwa m'dziko limodzi mwa awiriwa, ndipo ali pa mndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana, salipira kasitomu. Mva bwino, kasitomu yekha. VAT ndi misonkho ina ilipobe. Nsapato zopangidwa ku China sizisanduka za ku Zambia chifukwa wazigula ku msika wa Kapata ku Chipata. Pachipatapo pali desiki yothandiza amalonda, kafunse mndandandawo usanagule katundu, osati utamanga kale. Za mbewu ndi nkhani ina: pamafunika chilolezo cha unduna wa zamalonda, satifiketi ya zaulimi yonena kuti mbewuyo ilibe matenda ndi tizirombo, komanso chilolezo cholowetsera cha dziko limene ukupitako. Chimanga chokha usachidalire, boma lililonse limatseka ndi kutsegula mmene lagonera. Njira zamadulira, zimene kutsidyako amati zalewa, zilipo ndipo akabaza amazidziwa, koma tsiku limene adzakugwire udzataya katundu ndi njinga ya mwini wake yomwe.

Mapepala ndi osavuta. Chimene chimagwetsa anthu ndi madzi a mu mtedza.

Mtedza wosenda woyenera kusunga umakhala ndi chinyontho cha 7 kapena 8 pa 100 iliyonse. Wa mu Meyi, wongokumba kumene, umafika 12 kapena kuposa. Palinso alimi ndi mavenda amene amawaza madzi pa makoko usiku kuti asendeke mosavuta, ena kuti ulemere pa sikelo. Werengera wekha. Thumba la makilo 50 la chinyontho 12 likauma kufika 7 limatsala makilo 47 ndi pang'ono. Pa matumba 200 wataya matumba pafupifupi 11 osabedwa ndi munthu. Umenewo ndi mwayi, ngati wauma bwino. Ukapanda kuuma umachita chuku, ndipo chuku cha mtedza chili ndi poizoni amene ogula akuluakulu amayeza ndi makina, ngakhale mtedzawo ukuoneka woyera.

Matumba 200 ndawatchulawo sindinawapeke. Anali anga, Chalimbana wa maso akuluakulu, wogula kumayambiriro kwa Meyi chifukwa mtengo unali pansi ndipo ndinkafuna kuyamba ndine. Theka la ndalama linali la katapila. Anyamata anga ankagula madzulo, kuwala kutachepa, n'kusokera m'matumba a pulasitiki usiku womwewo. Zolakwa zitatu pa tsiku limodzi. Lole inanyamuka mapepala ali onse. Pa lodibuloko ina, sinditchula pati, bwana wina wa yunifolomu anatembenuza chilolezo changa kawiri, n'kunena kuti sitampa siikuoneka bwino, tidikire akuluakulu ake. Akuluakuluwo anali ku maliro. Mawa lake anali ku msonkhano. Chimene ankafuna ndinkachidziwa, iyenso ankadziwa kuti ndikudziwa, ndipo ine ndinauma mutu. Lole inakhala masiku anayi padzuwa, tenti yakuda ili chimangire. Masana mtedza unkatuluka thukuta, usiku kuzizira kwa Meyi n'kubweza madziwo kuchokera ku tenti kudonthera pa matumba apamwamba. Tsiku lachinayi ndinalowetsa mkono pakati pa matumba, munali motentha ngati m'khwapa, fungo ngati la gaga wonyowa. Bwana uja anandibwezera pepala lija lomwelo, sitampa yomweyo, akutafuna mtedza wanga umene anatapa pa thumba lobooka. Wogula anabaya matumba khumi, anapita nawo kukayeza, anakana lole yonse. Tinakhala milungu iwiri ndi amayi 12 tikusankha pa mikeka. Wabwino unatsala wosakwana theka, wotsalawo unapita kwa oyenga mafuta pa mtengo wa chisoni. Wakatapila sanafunse za chuku. Ng'ombe zinayi ndi ngolo zinapita. Mabwana otere sadziwa kuti katundu wina amapuma. Amaona ngati zonse ndi malata, oti ungawaimike sabata osasintha.

Ndiye ngati ukulowadi, mtedza gula kuyambira pakati pa Juni, ndipo gula masana. Wamakoko ugwedeze pafupi ndi khutu, wouma umalira. Wosenda ufikise pakati pa zala, khungu lofiira lichoke lokha, ukauluma uthyoke, usamatirire m'mano. Usatape pamwamba pa thumba, pamenepo amaika wabwino. Baya pakati ndi pansi ndi chitsulo chobayira, kapena khuthula lonse pa tenti. Ukagula wamakoko dziwa kuti pa makilo 100 maso ake ndi 65 mpaka 70, otsalawo ndi makoko. Wofwifwa, wosweka ndi wakuda uchotse tsiku lomwelo, ndi umene umayambitsa chuku. Chalimbana ndi CG7 usasakanize, wogula wa mtedza wokazinga ndi wogula wa chiponde safuna chinthu chimodzi. Sungira m'ziguduli, pamwamba pa mitengo, kutali ndi khoma mwina theka la mita. Lole ikaima nthawi yaitali masana, masula tenti m'mbali mphepo ilowe. Ine sindinamasule poopa akuba, ndipo akubawo sakanatenga ngakhale matumba asanu.

Sikelo uziyesa m'mawa uliwonse ndi chinthu chodziwika kulemera, mapaketi khumi a shuga a kilo imodzi akwana. Sikelo yopachika sipulingi yake imatopa, ndipo anyamata ogulira amadziwa kuitopetsa mbali imene ikuwakomera. Usawapatse ndalama za sabata yonse. Wogula wa tsidya lina mugwirizane zinthu zitatu musanakweze thumba ngakhale limodzi: sikelo ya ndani, ndalama ya dziko liti, ndipo akakana katundu transipoti yobwerera alipira ndani. Kwacha ziwirizi zimasinthana mphamvu, phindu la Lolemba likhoza kutha Lachinayi uli chiimire ndi ndalama za eni ake m'thumba. Osintha ndalama a pamsewu amawerenga mwachangu dala ndipo amapinda mapepala ena pawiri. Werenga wekha, m'manja mwako, ndipo zako upereke pomaliza.

Pobwerera usabwere chimanjamanja, koma usatengenso chilichonse chifukwa chatchipa. Zitenje, zakumwa ndi sopo zimayenda malinga ndi mwezi, monga zinalili kwa agogo ako. Zitenje za yunifolomu ya ukwati ndi zinkhoswe zimafunidwa kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, ndipo amayi a komiti akakutuma, tenga kachidutswa ka nsaluyo m'thumba. Chithunzi cha pa foni chimanamiza mtundu.