FUNSANI MALUME: Katundu wa malemu bambo ndimupereke ku laibulale?

Malume, ine ndimagulitsa kaunjika mu msika wa Ndirande. Mwana wa achemwali anga ali pa yunivesite ina konkuno ku Blantyre ndiye wabwera akuti kulaibulale kwawo akukonza chionetsero cha mbiri ya anthu amene ankapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi, akufuna kubwereka katundu wa malemu bambo athu. Pali chiphaso chawo cha Wenela, makalata amene ankalembera amayi, zithunzi komanso sutikesi yachitsulo ija anabwera nayo. Mtima wanga ukukana. Nanganso ndikapereka, ine woti sukulu ndinalekeza sitandade 7 angandilole kulowa kukaona?
Mayi wa ku Ndirande

Amayi, mtima wanuwo sukulakwa, koma ine ndikuti perekani, kungoti musapereke chimbulimbuli. Katundu ameneyo ndi wosowa. Boma la Kamuzu linaimitsa zotumiza anthu kudzera ku Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni, mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70 ambiri mwa iwo Amalawi, kenako ulendo unayambiranso pa dzina la TEBA mpaka kudzatheratu cha mu 1988, ndiye ana amene ali pa yunivesite panowa zonsezi amangozimva m'kalasi, chiphaso chenichenicho sanachigwirepo.

Choyamba musamupatse mwanayo katunduyo m'jumbo ayi. Iyeyo ndi wophunzira chabe, mawa amaliza sukulu, mukamufunsa adzati ndinasiya ku ofesi. Pitani naye limodzi mukaonane ndi mkulu wa laibulale ndipo musainirane pepala lolembapo chinthu chilichonse, mmene chilili, tsiku lobweza ndi dzina la amene walandira, kope imodzi ikhale yanu. Sutikesi apatseni, imeneyo siingang'ambike. Koma makalata ndi zithunzi auzeni apange sikani inu muli pompo, aonetse makope, zenizenizo mubwerere nazo kunyumba. Akaumirira kuti akufuna chiphaso chenicheni funsani ngati ali ndi bokosi lagalasi lokhoma, ndipo asamatepo selotepi, asaboole ndi pini, asachiike padzuwa chifukwa inki yakale imafufuta msanga. Zopanga laminet zija anthu amaziona ngati kusamala koma pepala lakale limaonongeka nazo, simungalichotsemonso. Sikuti ndikukuopsezani, koma kumbukirani kuti laibulale ya Mzuzu University inapsa mu December 2015, mabuku masauzande ambiri anasanduka phulusa. Ngozi siona kuti pano ndi pa yunivesite.

Chinanso, ndipo ichi ambiri amaiwala, makalatawo ayambe awerengedwa pabanja. Munthu ali kutali zaka ziwiri amalemba zambiri, za ngongole, za kukhumudwa ndi achibale, mwinanso za mayi wina kumeneko, simungafune kuti zimenezo aziwerenga alendo pakhoma. Khalani pansi ndi achemwali anu musankhe. Kenako muwauze a laibulale alembe dzina la bambo, mudzi wawo, mfumu yawo ndi chaka chimene anapita, asangolemba kuti "wogwira ntchito m'migodi" ngati analibe dzina.

Za kulowa musade nkhawa. Kubwereka mabuku ndi kumene kumafuna khadi ya sukulu, koma chionetsero amakonzera anthu, makamaka inu mwini katundu muyenera kuitanidwa pa tsiku lotsegulira. Tengani chiphaso cha unzika, alonda pa geti amalembetsa dzina, ndipo chikwama nthawi zambiri chimasiyidwa pakhomo. Ngati mukufuna kuona kaye mmene zinthu zakale amaziikira, tsikani minibasi pa Chichiri mulowe mu Museum muja, kapena mupite ku Mandala House, nyumba ya 1882 ija, kumene Society of Malawi imasunga mabuku ndi zithunzi zakale.

Malume, tili ndi gulu la achinyamata ku Chilomoni, timalakatula ndakatulo komanso timavina beni ndi manganje. Kodi laibulale ya yunivesite ingatilole kukaonetsa luso lathu, poti kumeneko amati shii phokoso ayi?
Mnyamata wa ku Chilomoni

Aphwanga, ng'oma m'chipinda chowerengera ndiye iwalani, koma malaibulale amakhala ndi khonde, bwalo kapena holo yapafupi. Lembani kalata kwa mkulu wa laibulale, osati uthenga wa pa WhatsApp kwa mnzanu wa pa kampasi, munenemo kuti ndinu angati, mukufuna mphindi zingati, ndipo muphatikizepo kavidiyo. Ku MUBAS, imene tinkaitcha Poly isanasinthe dzina mu 2021, kapena ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ija, funsani kaye kalendala yawo musakagogode nthawi ya mayeso. Mulumikize pempho lanu ndi tsiku lodziwika monga la Chilembwe pa 15 January kapena la Martyrs pa 3 March, zimavuta kukana. Za ndalama funsiranitu poyamba, kawirikawiri kumakhala ya thiransipoti ndi Fanta basi.