Mfuti yowombera abakha ija siinafe ayi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Ulongué, m'boma la Angónia kuno ku Mozambique. Akuti posesa m'nyumba ya amayi awo anapeza katoni, ndipo m'katonimo munali gemu ya malemu achimwene awo, ija yolowetsa kaseti pamwamba, zogwirira ziwiri ndi mfuti yake. Atailumikiza ku TV yawo yapakhoma zithunzi zinatuluka bwinobwino, koma akawombera abakha a mu gemuyo palibe ndi mmodzi yemwe amene akugwa. Ndiye akufunsa ngati mfutiyo yafa kuti angoitaya, komanso ngati kaseti ikamakana aziiuzira mpweya monga tinkachitira kale.

Achimwene, choyamba pepani ndi imfa ya akulu anu. Chachiwiri, chonde musataye kanthu kalikonse ka m'katonimo.

Mfutiyo mwachidziwikire ili bwino, vuto ndi TV yanuyo. M'kati mwa mfuti muli kadiso kakang'ono koona kuwala. Mukakoka chowombera, galasi lonse la TV limada bii kwa kanthawi kochepa kwambiri, kenako pamene pali bakha pamaoneka kabokosi koyera. Kadiso kaja kakaona kuyerako pa nthawi yake, gemu imadziwa kuti mwalasa. TV zakale zija zokhala ndi chimsana zinkaonetsa chithunzi nthawi yomweyo chikangofika. Zapakhomazi zimayamba zachikonza kaye, ndiye pamene kabokosi kakuoneka gemu imakhala itasiya kale kuyang'ana. N'chifukwa chake galu wa mu gemuyo, amene amaseka munthu akaphonya, amangokusekani. Kafunseni kwa okonza mawailesi kumsika, TV zachimsana zikadalipo m'mashedi mwawo, zina zongodikira mwini wake amene sanabwerenso. Chingwe chachikasu n'cha chithunzi, choyera n'cha mawu.

Zouzira mpweyazo siyani. Tonse tinkatero, koma chimene chinkathandiza ndi kuchotsa ndi kubwezeretsa kasetiyo, pomwe chinyezi cha m'kamwa chinkangodyetsa timano ta mkuwa tija dzimbiri. Tengani kathonje, mukanyowetse pang'ono ndi isopropyl, ija amatsukira okonza mafoni, mupukute timanoto, mudikire kuti tiume. Adaputala ikapsa musangotola iliyonse; muone mavolti ake ndi kachizindikiro ka + ndi − kuti zifanane ndi zolembedwa pa yakaleyo.

Mmene mwaifotokozera, gemu yanu ndi imodzi mwa zija zokopera Famicom, imene Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, n'kukaigulitsa ku America mu 1985 ndi dzina loti NES. Kuno yeniyeniyo sinkaoneka kawirikawiri. Tinkalandira zokopera, ndi makaseti achikasu olembedwa kuti muli magemu 9999, pomwe ukayamba kuwerenga upeza ochepa okha akungobwerezedwa ndi mayina ena.

Ine ndinaigwira koyamba titangobwerako ku Malawi. Mtendere wothetsa nkhondo ya ku Mozambique unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo banja lathu linawoloka pa Calómuè kuchokera ku Dedza chaka chotsatira. Patapita nyengo, amalume anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Magetsi a ku Cahora Bassa amapangidwa m'chigawo chathu chomwechi cha Tete, koma kumudzi kwathu tinkadalira batire la galimoto ndi ka TV kopanda mitundu. Batire likamatha chithunzi chinkayamba kufupika m'mbali, ana onse n'kukhala chete, kupempherera kuti Mario, kamunthu ka mu gemu ya Super Mario Bros., afike pa mbendera ya kumapeto kwa gawo chisanazime. Kuti useweretseko unkayenera kuyamba wathandiza kukumba mbatatesi kudimba, ndipo mwezi wa Juni, ndi kuzizira kwa ku Angónia kuja, zala zinkachita kuuma pa mabatani.

Koma mwandiuzanso kuti cholinga chanu n'kusewera ndi mwana wanu wa zaka zisanu ndi ziwiri. Pamenepo ine ndinganene kuti abakha adikire. Pa kaseti yanuyo fufuzani gemu ya akasinja, dzina lake lenileni ndi Battle City, ya kampani ya Namco, ya mu 1985, ngakhale pa makaseti athu nthawi zambiri inkalembedwa kuti Tank. Imeneyi imayenda ngakhale pa TV yapakhoma, ndipo kwa ine ndiyo inaposa onse, Contra ndi Super Mario Bros. omwe. Mumasewera awiri mbali imodzi, kuteteza chiwombankhanga chimene chili pansi pa galasi m'kampanda ka njerwa, adani 20 akutsika pa gawo lililonse. Ukalasa mnzako mwangozi amauma kaye osayenda. Ukatola fosholo mpanda uja umasanduka wachitsulo kwa kanthawi. Ndipo chipolopolo chako chomwe chikhoza kupha chiwombankhangacho, gemu n'kuthera pomwepo. Ine ndi mng'ono wanga tinkagawana, iye kumanja ine kumanzere, ndipo mawu oti "bwerera kunyumba, alowa!" ndimawamvabe mpaka lero ngati akunenedwa pakhomo pano.

Mwanayo mumupatse chogwirira choyamba, chimene achimwene anu ankagwira. Muonetsetse pa batani la A, mwina mupeza pamene chala chawo chinafufuta utoto. Mukaipeza TV yachimsana ija mundilemberenso, mundiuze ngati abakha ayamba kugwa.