Funsani Adokotala: Ziwalo Zogaya Chakudya ndi Phunziro la Histology

FUNSO: Adokotala, ndine wophunzira wa chaka choyamba pasukulu ina ya zaumoyo ku Blantyre. Ntchito za ziwalo zogaya chakudya ndinaziphunzirako kusekondale, koma tikalowa mu labu ya histology, phunziro loona mpangidwe wa minofu ya thupi pa maikulosikopu, zonse zimene ndimaona pa maikulosikopu zimangofanana, pinki ndi pepo basi. Kodi ndingasiyanitse bwanji chifu ndi matumbo, nanga phunziroli lili ndi phindu lanji kwa munthu wofuna kudzathandiza odwala?

YANKHO: Ophunzira ambiri amavutika chonchi chifukwa amaloweza zithunzi za m'buku osayamba afunsa kuti chiwalo chimene akuchionacho chimagwira ntchito yanji. Mpangidwe wa m'kati mwa chiwalo chilichonse umatsata ntchito yake, ndipo amene waimvetsa ntchitoyo savutika kuzindikira chimene chili pagalasi.

Mitundu iwiri imene mukuidandaulayo si yachibadwa. Kachidutswa ka mnofu kamaviikidwa mu formalin kuti kasawole, kamachotsedwa madzi ndi alcohol, kenaka kamaumitsidwa m'phula kuti makina otchedwa microtome athe kukasenga m'timagawo topyapyala kwambiri, ta mamaikulomita 4 kapena 5. Timagawoti timaikidwa pagalasi loonera pa maikulosikopu, ndipo timaoneka mbee mpaka titapakidwa utoto. Utoto wa haematoxylin umagwira phata la selo n'kulisandutsa lapepo, pamene wa eosin umapaka pinki mbali zambiri zotsalazo. Choncho pamene paderapo ndi pepo pali maselo ambiri othithikana.

Kuyambira kummero mpaka kumatumbo aakulu, khoma la njira ya chakudya lili ndi magawo anayi: mucosa imene imakhudzana ndi chakudya, submucosa yodutsamo mitsempha ya magazi, minofu yofinya chakudya kuti chiyende, ndi chikuto chakunja. Gawo limene limasintha kwambiri ndi mucosa, ndipo maso anu azithamangira pamenepo.

Kugaya kumayambira m'kamwa, mmene malovu amafewetsa nsima ndi kuyamba kuphwanya sitachi. Kummero, kumene kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 25, sikugaya kanthu koma kumangoperekeza chakudya, ndipo popeza kumakhulidwa ndi chilichonse chimene tameza, maselo ake ndi osanjikizana mizere yambiri, apamwamba ali ophwatalala. Mukaona msanjo wotere, dziwani kuti simunafike m'chifu.

M'chifu mzere wa maselo ndi umodzi wokha, koma uli ndi timaenje tambirimbiri totsikira ku timagulu ta maselo otulutsa madzi ogayira. Maselo a parietal, amene ndi aakulu, ozungulira ndiponso apinki wowala, amatulutsa asidi wopha tizilombo tambiri tobwera ndi chakudya. Omwewo amapanganso chinthu chothandiza thupi kuyamwa vitamini B12, n'chifukwa chake munthu amene wachotsedwa chifu amabayidwa jakisoni wa vitaminiyu moyo wake wonse. Pansi pa timagulu timeneti pali maselo a chief, ooneka apepo, opanga pepsinogen imene ikakumana ndi asidi imasanduka pepsin yogaya mapuloteni a nyama, nsomba ndi nyemba. Maselo apamwamba amatulutsa zonanda zimene zimakuta khoma kuti chifu chisadzigaye chokha.

Ntchito yaikulu yogaya ndi kuyamwa chakudya imachitika m'matumbo aang'ono, otalika mamita pafupifupi 6. Kuti malo oyamwira achuluke, khoma lake lili ndi timinofu tosongoka totchedwa villi, tothithikana ngati ubweya wa thawulo, ndipo mukaona timeneti musakayikenso kuti muli m'matumbo aang'ono. Chotsala ndi kudziwa chigawo chake. Chigawo choyamba, duodenum, chimalandira asidi wochokera m'chifu, ndulu yopangidwa ndi chiwindi yomwaza mafuta kuti agayike, komanso madzi ogayira ochokera ku kapamba (pancreas), chiwalo chimene chimapanganso insulin. Pofuna kuziziritsa ukali wa asidiyo, submucosa ya duodenum ili ndi timagulu ta Brunner, timene simudzatipeza kwina kulikonse. Chigawo chomaliza, ileum, chimadziwika ndi timilu tapepo ta maselo oteteza thupi totchedwa Peyer's patches. Timilu timeneti ndi timene tizilombo ta typhoid timakonda kugwira, ndipo matendawa akalekereredwa thumbo limabooka pomwepo, vuto limene madokotala a opaleshoni m'zipatala zathu amakumana nalo ndithu makamaka pa ana.

Matumbo aakulu, a mita imodzi ndi theka, alibe villi. Ntchito yake ndi kuyamwa madzi otsala ndi kuumba chimbudzi, choncho ali ndi maselo ambiri a goblet, ooneka oyera ngati opanda kanthu m'kati, amene amatulutsa zoterera kuti chimbudzicho chidutse bwino.

Pa kawerengedwe, ndikulangizani kuti muziyamba mwaliyang'ana galasi ndi maso poliloza kowala, kenaka mugwiritse ntchito lenzi yaing'ono kuti muone khoma lonse musanapite ku yaikulu. Ophunzira ambiri amathamangira lenzi yaikulu n'kusokonezeka ndi maselo ochepa amene sakudziwa kuti ali mbali iti. Muzijambulanso pamanja zimene mwaona, ngakhale chithunzicho chisakongole, chifukwa pojambula mumakakamizika kuzindikira gawo lililonse, zimene kujambula ndi foni sikungakuchitireni.

Kunena za phindu, kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti m'chifu simungakhale mabakiteriya chifukwa cha asidi, ndi kuti zilonda za m'mimba zimayamba ndi nkhawa kapena zakudya zowawa. Mu 1979, Robin Warren, dokotala woyeza minofu mumzinda wa Perth ku Australia, anaona mabakiteriya opindika pa magalasi a minofu ya m'chifu, pansi pa zonanda zija. Iye ndi Barry Marshall anaonetsa kuti kachilomboka, kamene lero kamatchedwa Helicobacter pylori, ndi kamene kamayambitsa zilonda zambiri za m'chifu ndi mu duodenum, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Masiku ano zilonda zotere zimachizika ndi maantibayotiki pamodzi ndi mankhwala ochepetsa asidi, ndipo zonsezi zinayambira pa galasi longa limene mukuliyang'ana mu labu.

FUNSO: Bambo anga akhala akuvutika kumeza nsima kwa miyezi ingapo. Kuchipatala anawalowetsa kachubu kukhosi n'kudulako kamnofu kuti akayeze. Achibale ena akuti kudula kotereku kumafalitsa matenda. Kodi ndi zoona, nanga zotsatira zimachedwa chifukwa chiyani? Ndine mayi wa ku Dedza.

YANKHO: Mayi, pepani ndi matenda a bambo. Kudula kamnofu kotereku sikufalitsa matenda, ndipo madokotalawo anachita bwino. Kamnofuko kamakhala kakang'ono, ka mamilimita ochepa chabe, ndipo pamalopo pamapola msanga. Kachubu kali ndi kamera kamaonetsa kuti njira yachepa kapena pali chotupa, koma sikangatsimikize mtundu wa vutolo, pakuti kummero kumatha kuchepa chifukwa cha zipsera za asidi wobwerera kuchokera m'chifu, kumatha kugwidwa ndi mafangasi, kapenanso khansa. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya kummero imapezeka kwambiri padziko lonse, ndipo yambiri imayambira m'maselo osanjikizana amene ndawafotokoza pamwambapa. Ndi pa maikulosikopu pokha pamene dokotala angaone ngati maselowo asokonekera ndi kulowerera m'magawo apansi a khoma, ndipo chithandizo choyenera chimasankhidwa potengera zimenezo.

Kukonza kamnofu mpaka kufika pagalasi kumatenga masiku angapo, ndipo kudikira kumatalikirapo chifukwa malabu ndi madokotala owerenga magalasiwa ndi ochepa m'dziko muno, moti minofu yochokera m'maboma imachita kutumizidwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Funsani kuchipatalako tsiku lobwererako ndipo musaliphonye. Pakadali pano apatseni bambo zakudya zofewa koma zopatsa mphamvu, monga phala lothira nsinjiro, mkaka, mazira ndi nthochi zokanya, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, atakhala tsonga. Akayamba kulephera kumeza ngakhale madzi, kutsamwa pomwa, kapena kusanza magazi, apititseni kuchipatala tsiku lomwelo osadikira zotsatira.