Inshuwalansi ya ulendo wa ku Joni: kodi n'kutaya ndalama?

Mayi wina wa ku Namwera walemba imelo. Akuti mwezi wamawa akwera basi kupita ku Johannesburg kukaoda zovala, ndipo atenganso mayi awo okalamba kuti akaone zidzukulu. Wina wawauza za inshuwalansi ya paulendo, koma iwo akuona ngati n'kutaya ndalama poti anzawo ambiri amapita n'kubwera opanda pepala limeneli. Akufunsa ngati n'lofunikadi.

Mayi, gulani, makamaka chifukwa cha agogowo.

N'zoona kuti pa Beitbridge sakakufunsani pepalali, ndipo pasipoti ya Malawi imakulowetsani ku South Africa popanda viza kwa masiku 30. Opita ku mayiko a ku Ulaya a m'gulu lotchedwa Schengen, monga Germany ndi France, ndiwo alibe pothawira: viza sapatsidwa ngati alibe inshuwalansi ya mayuro osachepera 30,000 yolipira chipatala ndi kubweza munthu kwawo. Koma kusafunsidwa pachipata sikuchotsa bilu. Chipatala cholipira cha ku Joni chimafuna dipoziti kapena kalata ya kampani yolonjeza kulipira chisanamugoneke wodwala, ndipo ngakhale cha boma mlendo wongocheza chimamulipiritsa. Mpamba wonse wokaodera zovala ukhoza kuthera pabedi.

Njira yanu nayo ndi yaitali. Mukatuluka pa Mwanza mudzadutsa Tete, Nyamapanda ndi Harare musanafike pa Beitbridge, usiku wonse muli pampando, miyendo ikutupa. Munthu wamkulu angathe kudwalira pena paliponse. Choncho onetsetsani kuti pepalalo likugwira ntchito ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, osati ku South Africa kokha. Masiku ake ayambire tsiku lonyamuka mpaka lofika kunyumba, muwonjezepo awiri kapena atatu, chifukwa basi imafa panjira, pachipata pamachedwetsanso.

Pali china chimene sitikonda kuchitchula, koma kuno ku Mangochi tonse tachionapo. Maliro akagwa ku Joni, achibale amasonkherana masiku angapo thupi lili ku mochale: ndalama yokonzera thupi kuti lisawonongeke, ya bokosi, ya mapepala, ya galimoto yobwera nalo kumudzi. Pa pepala la inshuwalansi funani mawu akuti repatriation. Ndiwo amanena ngati kampani idzalipira kubweza wodwala kapena thupi, ndipo ndalama zake ndi zingati. Ngati banja lanu ndi la Chisilamu ndipo mungafune kuika maliro msanga konko, funsani ngati angalipire zoikira maliro kumeneko m'malo mwake. Kufunsa zimenezi si kuombeza zoipa ayi.

Anthu ambiri amagwa pa nkhani ya matenda okhala nawo kale. BP, shuga, mphumu ndi mtima, mapepala ambiri sazilipira pokhapokha munazinena pogula ndipo kampani inavomera, nthawi zina powonjezera mtengo. Musabise pofuna kutchipitsa. Agogo akagwa, kampani idzaitanitsa lipoti la dokotala, ikapeza kuti akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka, idzakana ndipo idzakhala ikulondola. Funsaninso za msinkhu, poti ena ali ndi malire a zaka. Mankhwala a agogo mutenge okwanira ulendo wonse m'mapaketi ake, pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala, ndipo zikhale m'chikwama chapamanja.

Za katundu musayembekezere zambiri. Gawo limeneli limateteza zovala zanu ndi zinthu zanuzanu, osati mabelo a malonda. Ndalama zapamanja amabweza zochepa, kapena osabweza n'komwe. Palinso excess, ndalama yoyamba imene mumalipira nokha kampani isanayambepo. Ngati mukufuna kuteteza katundu woodayo, imeneyo ndi inshuwalansi ina, ya katundu wa paulendo.

Uthenga uwu ufikenso kwa anyamata opita kukafuna maganyu. Inshuwalansi ya paulendo kawirikawiri siimalipira munthu wovulala pa ntchito yamanja, wovulala ataledzera, kapena amene masiku a inshuwalansi yake anatha.

Gulani musananyamuke, ku kampani kapena ajenti wovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira makampani a inshuwalansi. Mulandire lisiti ndi pepala lenileni lokhala ndi nambala yake, mayina olembedwa ndendende ngati a m'pasipoti. Chithunzi cha pa WhatsApp chopanda nambala musachikhulupirire.

Papepalapo pamakhala nambala ya foni yoyankha usana ndi usiku. Isungeni m'foni, ilembeninso pakapepala ka m'pasipoti, kope lina musiyire m'bale kunyumba, poti foni imabedwa kapena kuthima. Vuto likagwa, thamangani naye wodwala kuchipatala, koma imbani nambalayo nthawi yomweyo, musanasaine kapena kulipira ndalama zikuluzikulu. A kampaniyo ndiwo amatumiza kalata yolonjeza kulipira ndi kukuuzani chipatala choti mupite. Mukalipira nokha osawauza, kubwezeredwa kumavuta. Sungani lisiti iliyonse ndi lipoti la dokotala. Mukaberedwa, pitani kupolisi tsiku lomwelo mukatenge nambala ya mlandu, chifukwa makampani ambiri amafuna kuti nkhani ikhale itanenedwa pasanathe maola 24.