Makina Ochapira Akukana Kutulutsa Madzi: Yambani Mwatsegula Sefa

Mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe anandilembera kalata pa imelo sabata yatha. Mwachidule, akuti makina awo ochapira zovala, a chitseko chakutsogolo, anaima ntchito ili m'kati madzi ali m'dilamu, chitseko chikukana kutseguka, ndipo akawayatsanso amangomva kung'ung'udza chapansi koma madzi osatuluka. Mmisiri amene anamuitana anangoyang'ana kunja kokha n'kunena kuti bolodi, kachipangizo kamagetsi kamene kamalamulira ntchito zonse za makinawo, yapsa, choncho amupatse ndalama akagule ina. Mayiwa akufunsa ngati apereke ndalamazo kapena ngati pali chimene angayese okha.

Amayi, ndalamazo muyambe mwazisunga. Kung'ung'udza kumene mukumvako ndi umboni woti bolodi ikutumiza magetsi ku pampu yotulutsa madzi, ndipo pampuyo ikuyesetsa kuzungulira koma pali chimene chaigwira kapena chatseka njira ya madzi. Bolodi imatha kufa ndithu, koma pa vuto la mtundu uwu imakhala yomalizira kuikayikira, ndipo mmisiri amene waitchula asanatsegule n'komwe sefa wangolota. Chitsekonso sichinawonongeke. Makinawa anapangidwa moti loko samasula madzi akadali ambiri m'dilamu, kuopa kuti angakhuthukire m'nyumba, choncho musachikanule ndi mpeni kapena kuchikoka mwamphamvu chifukwa mungathyole chogwirira n'kudziwonjezera vuto lina.

Simunanditchulire zimene zikulembedwa pa kagalasi koonetsa manambala ka makinawo. Makina ambiri amadzinenera okha vuto lawo: a LG amalemba OE, a Samsung amalemba 5E kapena 5C, pomwe a Bosch amalemba E18, ndipo zonsezi zimatanthauza kuti nthawi imene madzi amayenera kukhala atatuluka yadutsa koma akadali momwemo. Onaninso ngati wina sanadine mwangozi batani la Rinse Hold, limene limasiya zovala zili m'madzi mwadala. Ngati magetsi anazima kuchapa kuli m'kati, sankhani pulogalamu ya Spin (kupukusa zovala) kapena Drain (kutulutsa madzi) n'kumvetsera kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, chifukwa nthawi zina nkhani imathera pomwepo.

Zikakanika, zimitsani makina ndi kuzula pulagi pa soketi, ndipo pamenepa sindikufuna kuti muchite mphwayi, pakuti mukhala mukugwira madzi mutagwada pansi ponyowa. Ngati munkachapa ndi madzi otentha, a madigiri 60 kapena 90, dikirani ola lathunthu kuti azizire. Kenako yang'anani kutsogolo kwa makina, mmunsi mwenimweni, kawirikawiri kudzanja lamanja. Pali kachitseko kakang'ono kamene kamatseguka mukakatokosa ndi kumbuyo kwa supuni. Kuseri kwake mupeza chotsekera chachikulu chozungulira, chimene ndi sefa ya pampu, ndipo pa makina ambiri pambali pake pamakhala kapaipi kowonda kokhala ndi kachivundikiro kumapeto. Yambani ndi kapaipi kameneka. Kakokeni pang'ono, kalozetseni m'beseni losaya kapena m'thireyi, chotsani kachivundikiro, ndipo beseni likadzaza tsekani, katayeni madziwo, mubwerezenso. Ndi ntchito yotopetsa chifukwa m'dilamu mungakhale malita 10 kapena kuposerapo, ndipo kapaipiko kamatulutsa pang'onopang'ono, koma mukathamangira kutsegula sefa madzi onsewo adzakhuthukira pa simenti nthawi imodzi. Ngati makina anu alibe kapaipi kameneka, yalani zikolopa ndi matawulo akale, potokolani sefayo pang'ono chabe kuti madzi azichucha, n'kumaitsekanso beseni likadzaza.

Madzi akatha, tembenuzirani sefayo kumanzere mpaka ituluke yonse. Tsiku limene ndinatsegula koyamba sefa ya makina a kunyumba kwathu ndinapezamo kandalama kachitsulo ka K10, mapini awiri a m'tsitsi atachita dzimbiri, batani la yunifolomu ya sukulu, ndi kasokosi ka mwana katakulungidwa ndi ulusi ndi tsitsi mpaka kusanduka kampira kolimba konunkha. Kandalama kameneka masiku ano sikangakugulireni ngakhale chitumbuwa chimodzi, koma kanaimitsa makina onse kwa masiku atatu. Tsukani sefayo pa mpopi ndi mswachi wakale. Mukatero walitsani tochi m'bowo limene mwaichotsamo, ndipo chakumapeto kwake muona timapiko tapulasitiki ta pampu. Tizungulizeni ndi chala kapena ndi pensulo. Tikamazungulira mokhala ngati tikudumphadumpha musadandaule, chifukwa m'kati mwa pampu muli maginito ndipo ndi mmene pampu yamoyo imachitira. Chodetsa nkhawa ndi pamene timapikoto tauma gwa, tathyoka, kapena tikugwedera ngati dzino lofuna kuguluka. Kawirikawiri mupeza kawaya ka kamisolo, kamtengo ka machesi kapena labala womangira tsitsi atakola pamenepo. Pobwezera sefa, pukutani mphira wake ndi kuimanga mpaka ilimbe, apo ayi madzi azidontha pa kuchapa kulikonse.

Sefa ikapezeka yoyera, pitani kumbuyo. Makina akakankhidwira kukhoma, paipi yotulutsa madzi imatha kupindika kapena kupanikizika, ndipo kungowakokera kutsogolo pang'ono kumathetsa vutolo. Mabuku ambiri a makinawa amanena kuti kumapeto kwa paipiyi kukhale pamtunda wa masentimita apakati pa 60 ndi 100 kuchokera pansi, chifukwa pampu ndi yaing'ono, ya mawati 30 kapena 40 basi, ndipo singakankhe madzi kukwera kuposa pamenepo. Kuti mudziwe ngati vuto lili m'makina kapena m'mapaipi a nyumba, chotsani paipiyo pamene yalumikizidwa, ikolowekeni m'ndowa yaikulu, bwezerani pulagi ndi kusankha Drain muli ndi madzi pang'ono m'dilamu. Madzi akatuluka mwamphamvu, makina anu alibe mlandu, ndipo munthu amene mukumufuna ndi pulambala woti atsegule paipi ya pansi pa sinki imene yatsekeka ndi mafuta ndi zotsalira za kukhitchini.

Pali chinthu china chimene ndimachiona kawirikawiri kwathu kuno, ndipo ndikukayikira kuti mwina chikukukhudzani. Ambiri timathira m'makina sopo waufa yemwe uja wochapira pamanja, poti ndi amene amapezeka pa golosale iliyonse ndipo ndi wotsikirapo mtengo. Sopo ameneyu anapangidwa kuti azichita thovu lambiri, pomwe makina a chitseko chakutsogolo amafuna sopo wa thovu lochepa, uja amalembedwa kuti Auto kapena Automatic pa paketi. Pampu imakankha madzi koma thovu imangolipukusa, ndiponso thovulo limasokoneza kachipangizo koyeza kuchuluka kwa madzi, kamene kamalumikizidwa ku dilamu ndi kapaipi kowonda ka mpweya. Kapaipi kameneka kakatsekeka ndi thovu kapena litsiro la sopo, makina amayesa kuti madzi akadalimo ngakhale atatha, motero amakana kupukusa zovala ndi kutsegula chitseko. Ngati mumaona thovu litadzaza mpaka pagalasi la chitseko, sinthani sopo, chepetsani muyeso, ndipo muyendetse makinawo kamodzi opanda zovala ndi madzi otentha.

Mukachita zonsezi koma madzi osatulukabe, apo tsopano tikhoza kukayikira pampu yeniyeniyo, kapena paipi yaikulu yakuda imene imachoka pansi pa dilamu kupita ku pampu, mmene masokosi aang'ono amakonda kutsakamira. Ntchito imeneyi imafuna kupendeketsa makina kapena kuchotsa chivundikiro, ndipo ngati makinawo akadali pa galanti musawamasule, abwezereni kumene munagula. Ngati galanti inatha, itanani mmisiri koma mumupemphe kuti ayeze pampuyo ndi mita yoyezera magetsi inu mukuona, pulagi itazulidwa. Pampu yabwino ya makina a mavoti 230, omwe ndi magetsi athu kuno, nthawi zambiri imaonetsa ma ohm apakati pa 150 ndi 250, ndipo mita ikapanda kuonetsa kanthu ndiye kuti waya wa m'kati mwake waduka. Pampu imagwidwa ndi masikuluu ochepa ndi mawaya awiri, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa bolodi. Pokagula ina, nyamulani yakaleyo kapena jambulani nambala ya makina imene ili pa kapepala ka m'mphepete mwa chitseko, chifukwa mapampu amafanana maonekedwe koma makolowekedwe ake amasiyana. Bolodi iyenera kutchulidwa pokhapokha pampu itayezedwa n'kupezeka yamoyo, mawaya ake ali bwino, koma magetsi osafikako nthawi yotulutsa madzi, ndipo pamenepo makina amangokhala chete. Anuwo akung'ung'udza.

Kwa owerenga amene ali ndi makina a zipinda ziwiri, aja ochapira mbali ina ndi kupukusira mbali ina, nkhani ndi yosiyana pang'ono. Ambiri mwa amenewa alibe pampu, madzi amangotsika okha, choncho paipi yake iyenera kugona pansi ndipo mukaikweza pa sinki sipatuluka kanthu. Ikakhala kuti yagona koma madzi sakutuluka mutatembenuzira chosinthira pa Drain, kawirikawiri kalamba kamene kamakoka valavu kumbuyo kamakhala kataduka kapena katamasuka.

Amayi, yambani ndi sefa Loweruka likudzali, mutakonzeratu beseni, zikolopa ndi tochi, ndipo zovala zimene zakhala m'madzimo masiku onsewa mudzazichapenso chifukwa zayamba kale kununkha. Mukatsegula mundilemberenso kundiuza chimene mwapezamo komanso zimene zikulembedwa pa galasi, kuti ngati pakufunikadi pampu ina tidziwe yoyenera kufunafuna.